Kasamalidwe ka mfuti ya laisensi kuno kunyanja, kumene dzimbiri siligona tulo

Malume anga anali ndi mfuti ya shotgun ya mtundu wa Greener, ya laisensi yake bwinobwino, imene ankaisunga kunsi kwa bedi m'nyumba yawo kufupi ndi madambo a mpunga a mtsinje wa Bua. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo, ndikukumbukira kuti anaiwomba kawiri kokha, konseko pothamangitsa nguluwe m'munda wa chinangwa. Atamwalira tinaitulutsa kuti tikaipereke kupolisi. Titavundukula chiguduli chimene anaikulungamo, chitsulo chonse chinali chofiira ngati dothi la pachulu, chotsegulira chake chinakana kusuntha, ndipo mumpaipi munali mutamanga mavu aja omata nyumba ndi matope. Akanati usiku wina aiwombe momwemo, mwina tikanaika maliro msanga kuposa mmene zinakhalira.

Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima mfuti zambiri sizifa ndi ntchito, zimafa ndi kugonekedwa. Mpweya wa kunyanja ndi wachinyezi chaka chonse, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo ngakhale loko wa pakhomo amachita dzimbiri. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi mfuti ya shotgun yovomerezeka, mtundu umene alimi ndi eni mabizinesi ambiri ali nawo, ngakhale kuti zambiri zikugwiranso ntchito pa mfuti zina.

Yambani ndi pepala

Musanakhudze mafuta kapena sanza, tulutsani laisensi yanu muone tsiku limene ikutha. Nkhani za mfuti m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la mu 1967, ndipo kaundula wake ali m'manja mwa apolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe. Laisensi ndi ya chaka ndi chaka, ndipo ndi ya munthu mmodzi pa mfuti imene nambala yake yalembedwa pamenepo. Mlamu wanu, mwana wanu wamkulu kapena mlonda wa pa golosale yanu sakhala ndi chilolezo chifukwa choti inu muli nacho. Ngati yatha, pitani ku polisi ya kwanu mukafunse njira yoikonzetsera, musadikire kuti akupezeni pa rodibuloko ya pa msewu wa M5.

Laisensi ya mfuti sichilolezo chosakira nyama. Nkhalango ya Nkhotakota yakhala ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 kundende. Mvuu kapena njovu ikalowa m'munda, amene muyenera kuwaitana ndi a dipatimenti yoona za nyama zakutchire.

Pali achinyamata ena amene aona pa intaneti anthu a ku America akudzazanso okha zipolopolo zowombedwa kale, ali ndi makina apadera ndi sikelo yoyezera onga, ndipo amafunsa ngati n'zotheka kuno. Kumeneko ndi chizolowezi chololedwa m'madera ambiri ndipo zipangizo zake amagula m'sitolo. Kwathu kuno munthu wamba kupanga zipolopolo ndi mlandu, ndipo zongopeka zija za anthu a mfuti za gogodera zadula zala za anthu ambiri. Zipolopolo mugule kwa wogulitsa wovomerezeka, laisensi ili m'manja. Ngati manja anu akuyabwa kufuna ntchito pa mfuti, ntchito yake ndi iyi ikubwerayi.

Sonkhanitsani zipangizo

Zambiri muli nazo kale m'nyumba. Mufunika sanza za thonje zofewa, monga malaya akale amkati kapena chitenje chimene chachapidwa mpaka kufewa, zong'ambidwa m'tizidutswa tonga chikhatho cha mwana. Mufunika chingwe cholimba cha nayiloni chotalika kuposa mpaipi, chonga chimene asodzi amalukira maukonde, chomangirira kanthu kolemera pang'ono kunsonga, monga kamtovu ka mbedza. Ngati mukufuna ndodo, sankhani kansungwi kowongoka kosalala. Waya kapena chitsulo cha nyumba ayi, chimakanda mkati mwa mpaipi. Onjezani mswachi wakale, parafini pang'ono m'kachitini, ndi tochi.

Pa mafuta mpamene anthu amalakwa kwambiri. Abwino ndi opangidwira mfuti, koma amasowa. Olowa m'malo mwake amene mungawapeze ku msika wa pa boma ndi mafuta a makina osokera, opyapyala oyera aja amene matelala amagwiritsa ntchito. Mafuta ophikira musayerekeze: poyamba amaoneka bwino, koma pakapita miyezi amauma n'kukhala phula lomata, mfuti n'kuyamba kukanika kutseguka. Oyilo wotsala posintha mu injini ndi wodzaza ndi litsiro. Parafini ndi wotsukira chabe, sateteza chitsulo, choncho amayenera kupukutidwa n'kutsatizidwa ndi mafuta.

Tsimikizani kuti mulibe chipolopolo

Apa ndichedwapo, chifukwa ngozi zambiri za mfuti m'nyumba zimachitika ndi mfuti imene mwini wake ankalumbira kuti mulibe kanthu.

Sankhani nthawi ya masana, ana ali kusukulu kapena kunja, inu musanalawe chilichonse choledzeretsa. Tsekani chitseko. Lozetsani kukamwa kwa mfuti kumene kulibe munthu, ndipo kumbukirani kuti khoma la zidina kapena chitseko chathabwa n'chosadalirika potchinga chipolopolo, choncho dziwani chimene chili kuseri kwake. Chala chikhale kunja, kutali ndi chokhethemulira. Tsegulani mfutiyo: yothyola pakati ithyoleni, ya Greener tsitsani chogwirira chake chapansi chija. Yang'anani ndi maso pamene pamalowa chipolopolo, kenako pisanipo chala. Ngati ili ya mtundu wopopa, yokhala ndi kampaipi kena kosungira zipolopolo kunsi, tulutsani zonse mpaka muone pansi pake, kenako bwerezani kupopa kawiri katatu. Zipolopolo zimene mwatulutsa mukazisiye m'chipinda china. Pamene mukutsukira pasakhale chipolopolo n'chimodzi chomwe.

Mukatuluka pang'ono, kaya kukayankha odi pakhomo, pobwerera yambiraninso kuyang'ana. Zimaoneka ngati zauchitsiru, koma ine ndimatero nthawi zonse, ndipo sindinachitepo nazo manyazi.

Suzumirani mumpaipi

Mfuti ili chitsegukire, lozetsani kukamwa kwake ku windo ndipo musuzumire kuchokera kumbuyo. Mpaipi wa 12 bore (bore ndi muyeso wa kukula kwa mpaipi) ndi waukulu, pafupifupi mamilimita 18 ndi theka m'mimba mwake, ndiye mumaoneka bwino. Wathanzi amanyezimira ngati galasi, ndipo kuwala kumapanga mizere yozungulira yolongosoka. Mukaona mdima, muli chotseka: matope, kasanza koiwalika, ukonde wa kangaude kapena mavu aja. Mfuti yowombedwa mpaipi uli wotsekeka imatupa kapena kuphulika, ndipo dzanja lanu lamanzere limakhala pomwepo.

Yendetsaninso zala kunja kwa mpaipi kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa. Mukamva potupa kapena pophwanyika, kapena mukaona timaenje takuya mkati, tonga zipsera za nthomba, mfutiyo isawombedwenso kufikira mmisiri wodziwa za mfuti ataiona. Wowotcherera mageti ndi mawindo pa msika si mmisiri wa mfuti ngakhale atakhala katswiri chotani. Funsani apolisi akuuzeni kumene mungapite nayo.

Tsukani mkati

Mangani kasanza konyowetsa parafini kunsonga ya chingwe. Gwetserani kamtovu kuchokera kumbuyo kwa mpaipi kuti katulukire kukamwa, kenako kokani mowongoka, chingwe chisamakhule m'mphepete mwa kamwa. Kasanzako kazilowa mothina pang'ono. Kakakhala kakakulu kwambiri kamakakamira pakati, chingwe n'kuduka, ndipo tsiku lanu latha pamenepo. Siyani parafiniyo agwire ntchito mphindi 10, ndiye muyambe kukoka tisanza touma, kamodzikamodzi. Toyamba timatuluka takuda ndi mwaye wa onga, totsatira totuwa. Pitirizani mpaka kamodzi katuluke koyera. Mukaona kofiirira, dzimbiri layamba, bwerezani parafini.

Samalani kwambiri malo amene chipolopolo chimagona, chifukwa ndi pamene dzimbiri limakonda kuyambira, ndipo likakhazikika pamenepo chikhokhombe cha chipolopolo chowombedwa chimakana kutuluka. Kulungani sanza pa kansungwi mupukute mozungulira. Pomaliza kokani kasanza kamene mwadonthezera madontho atatu kapena anayi a mafuta. Mkati mungotsala kunyezimira, osati kuyenderera.

Mbali zoyenda

Ndi mswachi wonyowa pang'ono ndi parafini, chotsani litsiro pa mahinjesi, pa kachitsulo kokankha chikhokhombe, ndi pozungulira kabowo kamene kamatulukira kamsomali komenya chipolopolo. Pukutani pouma. Dontho limodzi la mafuta pa malo alionse amene zitsulo zimakhudzana n'lokwanira. M'kabowo ka kamsomali musathiremo mafuta, chifukwa amasakanikirana ndi fumbi n'kuchititsa kuti kamsomaliko kazimenya mofooka.

Musamasule zomangira kuti muone za m'kati mwa chokhethemulira. Muli timasipuling'i timene tikadumpha simungatipezenso, ndipo mukabwezera molakwika mfuti ikhoza kumalira yokha poitseka.

Kunja, ndi dzimbiri limene layamba kale

Mtundu wakuda wobiriwira wa pa chitsulo cha mfuti si penti. Ndi khungu lopyapyala kwambiri limene amalipanga ku fakitale, ndipo lokha silingalimbane ndi chinyezi cha kwathu popanda mafuta. Mdani wake wamkulu ndi thukuta, chifukwa lili ndi mchere. Gwirani mpaipi ndi dzanja la thukuta mu Okutobala, muusiye sabata imodzi, mudzapeza chidindo cha chala chanu chitajambulidwa ndi dzimbiri, mizere yake yonse ikuoneka. Ndiye khalani ndi sanza imodzi ya mafuta yosungidwa m'kabotolo kotseka, ndipo nthawi iliyonse imene mfuti yagwiridwa, ngakhale poionetsa kwa apolisi, ipukutidwe musanaibwezere, mukuigwira pa thabwa.

Dzimbiri lapamwamba, longa fumbi lofiira, limachoka mosavuta. Pakani mafuta, siyani usiku wonse, m'mawa khulani ndi sanza yokhakhala monga ya jinzi yakale. Likakana, pali sitiliwulu wosalala kwambiri wolembedwa 0000 amene amapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira m'tauni: khulani naye mopepuka, pali mafuta. Sitiliwulu wokwechera mapoto, sandipepa, phulusa ndi mchenga wa kunyanja zimachotsadi dzimbiri, koma zimachotsanso khungu lija, ndipo pakangotha mwezi dzimbiri limabwerera mowirikiza pa chitsulo chamaliseche. Ndinaonapo mfuti ina imene mwini wake anaikwecha ndi mchenga mpaka kuwala ngati sefuliya yatsopano. Ananyadira masabata awiri basi.

Thabwa lingopukutidwa ndi sanza youma. Mafuta a makina akalowa m'thabwa, makamaka pamene limakumana ndi chitsulo, amalifewetsa n'kulidetsa mpaka limayamba kung'aluka. Ngati lauma kwambiri, pakani pang'ono mafuta a linseed amene akalipentala amawadziwa. Yang'ananinso ngati pali mng'alu kuseri kwa chokhethemulira, pamene dzanja lamanja limagwira, popeza mphamvu yonse ya kukankha kwa mfuti imadutsa pamenepo.

Malo ogonekapo

Ntchito yonse ija ikhoza kupita pachabe chifukwa cha malo. Kunsi kwa bedi n'koipa kawiri: simenti kapena dothi la pansi limatulutsa chinyontho, ndipo n'kumene mwana aliyense amayambira kufufuza, chimodzimodzi wakuba. Kudenga la malata masana kumatentha, usiku kumachita mame. Chikwama cha mfuti, makamaka chokhala ndi siponji mkati, n'choyendera basi, chimamwa chinyezi n'kuchikanikiza pa chitsulo. Bulangeti ndi chiguduli n'chimodzimodzi, ndiye zimene zinapha mfuti ya malume.

Chofunika ndi kabati yachitsulo yokiyika, yomangiriridwa kukhoma ndi mabawuti kuti munthu asainyamule yonse. Apa ndiye wowotcherera uja ali ndi ntchito. Ikhale pa khoma lamkati mwa nyumba, osati limene mvula imawomba, ndipo ikwezedwe pa matabwa kapena njerwa kuti isakhudze pansi. Mkati ikani kathabwa kuti chitsulo cha mfuti chisagunde chitsulo cha kabati. Imikani mfuti kukamwa kuli pansi, pa kasanza kouma: mafuta otsala amatsikira kukamwa m'malo molowa m'thabwa, ndipo mavu sapeza khomo. Musatseke mpaipi ndi chitsekerero cha sanza kapena pepala. Chimasunga chinyontho, ndipo tsiku lina mudzachiiwala.

Timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala, tolembedwa silica gel, musamataye. Timamwa chinyezi. Sonkhanitsani tambiri muike m'kabatimo, ndipo nthawi ndi nthawi muzitiyanika pa lata dzuwa likuswa mtengo kuti tiyambirenso ntchito. Makala ouma m'kathumba kansalu amathandizanso pang'ono.

Kiyi ikhale pa thupi panu kapena pamalo amene mukudziwa nokha. Ana auzeni zoona: m'nyumba muli mfuti, si chidole, ndipo akaona mfuti kulikonse asaigwire, akauze wamkulu. Kubisa kokha sikuthandiza, ana amadziwa zonse za m'nyumba kuposa mmene timaganizira. Ndipo ngati pakhomo pali mikangano yoopsa, kapena wina, ngakhale inuyo, wafika potopa ndi moyo, pitani nayo mfutiyo kupolisi akusungireni kufikira zinthu zitakhazikika.

Zipolopolo

Zisungidwe padera, m'bokosi lina lokiyika, pouma ndi pozizira, kutali ndi moto, mafuta ndi parafini. Muzisiye m'makatoni ake kuti muzidziwa zakale ndi zatsopano. Mutu wa chipolopolo cha shotgun umaoneka ngati mkuwa, koma zambiri ndi chitsulo chongokutidwa, n'chifukwa chake umachita dzimbiri. Zakale zapepala zimatupa zikamwa chinyezi. Chadzimbiri, chotupa kapena chong'aluka musachikakamize kulowa, musachiponye pamoto kapena m'chimbudzi, ndipo musachitumbule. Kaperekeni kupolisi.

Werengani zimene zadindidwa pa mpaipi wa mfuti yanu. Zipolopolo za 12 bore zimasiyana kutalika: pali za mamilimita 65, 70 ndi 76. Chachitali chikhoza kulowa m'mfuti yopangidwira chachifupi, n'kutsekeka bwinobwino, chifukwa muyeso wake ndi wa chipolopolo chitatseguka kale, koma powomba mphamvu imapyola imene mfutiyo inakonzedwera. Mfuti zakale ndi zimene zili pa ngozi imeneyi. Choopsa china ndi chipolopolo cha 20 bore, chimene n'chochepa kuposa cha 12: m'mfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukakamira mkati mwa mpaipi osaoneka, munthu n'kulowetsa china pambuyo pake. Zamitundu iwiriyi zisakhale m'thumba limodzi.

Mukakhethemula koma osalira, musathamangire kutsegula kapena kusuzumira. Khalani chilozereni kumene munaloza kwa mphindi yathunthu, chifukwa chipolopolo chimene chamwa chinyezi nthawi zina chimachedwa kuyaka. Ikalira mofooka, mosiyana ndi masiku onse, tsegulani muone mumpaipi musanaikemo china.

Kangati?

Mukawomba, ngakhale kamodzi, tsukani tsiku lomwelo, chifukwa mwaye wa onga umakoka chinyontho. Mvula ikaivumba, ipukuteni pouma, muisiye pamthunzi ili yotsegula kuti iume, kenako mafuta. Ikangokhala osagwira ntchito, nyengo ya dzinja muziitulutsa pakatha masabata awiri alionse, ndipo nyengo ya mwera ndi ya chilimwe kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Mukazolowera ndi ntchito ya mphindi 20. Ine ndinaimangiriza ku tsiku lolipira ngongole ya kubanki m'khonde kuti ndisamaiwale.

Lero lomwe, lembani nambala ya mfuti yanu m'kope, muijambulenso pa foni pamodzi ndi laisensi. Ikabedwa kapena kusowa, kanenani kupolisi nthawi yomweyo, ndipo chinthu choyamba chimene adzafunse ndi nambalayo. Uzaninso akunyumba kwanu kuti inu mukadzamwalira, mfuti si katundu wogawana pa sadaka ngati njinga kapena wailesi. Iyenera kupita kupolisi, ndipo amene akuifuna apemphe laisensi yakeyake. Ya malume ija tinapita nayo pa njinga, itakulungidwa m'chiguduli chake chomwe chija. Wapolisi amene anatilandira anatha nthawi yaitali akupukuta ndi sanza ya mafuta, akupendeketsa mfutiyo ku dzuwa la pakhonde, kuti manambala awiri omaliza aoneke n'kugwirizana ndi a pa pepala.